Dizilo kapena petulo: zomwe ndinawauza alamu anga asanagulitse Sienta yawo

Alamu anga amakhala ku Matawale ndipo amagwira ntchito m'tauni mwa Zomba momwemuno. Ali ndi Toyota Sienta ya petulo yomwe yawatumikira zaka zinayi osawagoneka panjira ngakhale tsiku limodzi. Mwezi wathawu anandipeza ndikutsuka Hilux yanga pakhomo. Anaizungulira kawiri, n'kugogoda chitseko chake ndi chala, kenako anati, "Alamu, ine petulo wanditopetsa. Ndikufuna ndigulitse kanga kaja ndipeze ya dizilo. Aliyense akuti dizilo sadya ndalama, komanso injini yake siifa."

Ndinawapatsa mpando n'kuwafunsa kuti pa sabata amayenda makilomita angati, ndipo amapita kuti. Anayamba kuwerenga pa zala. M'mawa kukasiya ana kusukulu, kupita kuntchito, madzulo kudzera kumsika, Lamulungu kutchalitchi, ndipo kamodzi pamwezi ku Limbe. Titaphatikiza zonse sizinafike makilomita 500 pamwezi. Kwa ine nkhani inali itatha pomwepo, koma munthu amene mtima wake wapita kale pa chinthu sungangomuuza kuti ayi. Afunika aone yekha chomwe chili mkati mwa boneti, ndi chomwe chidzatuluke m'thumba mwake. Ndakhala ndi galimoto ya dizilo zaka zisanu ndi ziwiri, ndimaikonda, ndipo ndikadzagulanso ina idzakhala ya dizilo. Koma ndaonanso anzanga angapo akulira nayo, ndipo ambiri mwa iwo analakwitsa tsiku logula.

Tiyambire mkati mwa injini, poti zabwino ndi zoipa za dizilo zimachokera pamalo amodzi. Injini ya petulo imasakaniza mpweya ndi mafuta, n'kuzifinya mu silinda, kenako pulagi imathetheka moto n'kuziyatsa. Ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira. Imakoka mpweya wokhawokha, pisitoni n'kuufinya mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo 16 kapena 18, pa injini zakale ngakhale 22, pomwe ya petulo kawirikawiri imalekeza cha pa 10. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga akudziwa kuti pampu imatentha m'manja. Mpweya ukafinyidwa umatentha, ndipo mu injini ya dizilo umapitirira madigiri 500. Nthawi yomweyo injekita imafayira dizilo ngati nkhungu, ndipo iye amayaka yekha. Nzeru imeneyi ndi ya Rudolf Diesel wa ku Germany, amene injini yake inayamba kugwira bwino ntchito mu 1897, ndipo dzina la mafutawa ndi lake lomwelo.

Kufinya kwambiri kotereku n'kumene kumachititsa kuti injini ipindule ndi dontho lililonse. Onjezerani kuti lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu yoposa ya petulo ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Zotsatira zake n'zakuti magalimoto awiri ofanana kukula ndi kulemera, ya dizilo imamwa mafuta ochepa ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100. Pamenepa anthu sanama. Chinanso n'chakuti dizilo amapereka mphamvu yokoka injini isanathamange kwambiri. Kwerani msewu wa ku Ku Chawe ndi anthu asanu ndi katundu wawo, mudzamva ya petulo yaing'ono ikulira, dalaivala akusinthasintha magiya pa ngodya iliyonse, pomwe ya dizilo ikungokwera ili phee m'giya yachitatu. Pitani ku Kachulu mvula itagwa usiku, mutasenza matumba a mpunga, mudzamvetsa chifukwa chake malole, mathirakitala, zigayo ndi maambulansi a kumidzi zimayendera dizilo. Ndipo popeza injini imeneyi imapirira kufinya kwakukulu, amaipanga ndi zitsulo zochindikala, n'chifukwa chake ikasamalidwa imakhalitsa.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe ndimafuna aliyense amve bwino. Dizilo amene anthu amamutama m'minibasi ndi pa bawo si dizilo amene mungagule lero.

Mbiri yabwino ija inabwera ndi injini zakale: 2L, 3L ndi 5L za Toyota, TD27 ya Nissan, 1HZ ya Land Cruiser ya masilinda asanu ndi imodzi. Zimenezi zinali ndi pampu yoyendera zitsulo, yopanda kompyuta, ndipo zambiri zinalibe turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wochuluka mu injini. Zinali zaulesi pa liwiro, zaphokoso, zotulutsa utsi, koma makaniko wa pansi pa mtengo ankatha kuzimasula n'kuzimanganso ndi masipanala ake. Zinkapirira mafuta oipa ndi eni ake osasamala. Magalimoto a dizilo a masiku ano pafupifupi onse amagwiritsa ntchito njira yotchedwa common rail, yomwe inayamba kulowa m'magalimoto ang'onoang'ono cha mu 1997. Pampu imapanikiza dizilo m'kapaipi kamodzi kufika pa mabaa 1,600 mpaka 2,000 kapena kuposa. Kuti muone kukula kwa nambala imeneyi, tayala la galimoto yanu timalipopa mabaa awiri ndi pang'ono. Kompyuta ndiyo imatsegula injekita iliyonse, kangapo pa kuyaka kumodzi, kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi. Izi n'zomwe zinachititsa kuti dizilo akhale wachete, wothamanga ndiponso wosamwa mafuta. N'zomwezonso zinamusandutsa wosankha zakudya. Walira mvula walira matope.

Mwina mwadabwapo kuti bwanji pa magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan, amene adzaza m'misewu yathu, a dizilo ndi owerengeka. Vitz, Passo, Sienta, Freed, Note, onse ndi a petulo. Mu 1999 bwanamkubwa wa Tokyo, Shintaro Ishihara, anayambitsa nkhondo yolimbana ndi utsi wa dizilo, ndipo ankaonetsa atolankhani botolo lodzaza mwaye wochokera m'magalimoto. Malamulo anakhwima, ndipo kwa zaka zambiri anthu a ku Japan anasiyiratu kugula magalimoto ang'onoang'ono a dizilo. Kampani yomwe inawabweretsanso mwamphamvu ndi Mazda, kuyambira ndi CX-5 mu 2012, kenako Demio ndi ena. Choncho munthu wa ku Zomba akati akufuna ya dizilo, kwenikweni akusankha pakati pa zinthu zitatu: pikapu kapena galimoto yaikulu monga Hilux, Isuzu, Ranger ndi Prado, Mazda ya ku Japan, kapena galimoto ya ku Ulaya yogwiritsidwa kale ntchito ku UK. Chilichonse chili ndi mavuto akeake.

Mafuta amene timamwetsa

Mafuta athu amayenda ulendo wautali asanafike m'thanki. Amatsika m'sitima ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kubwera pa mathankala kapena pa njanji. Cha mu 2017 dziko lathu linasamukira ku dizilo wa sulufule wochepa, wa magawo 50 pa miliyoni, zomwe zinathandiza kwambiri injini zamakono, ngakhale kuti ku Japan ndi ku Ulaya, kumene magalimotowa anapangidwira, muyezo ndi magawo 10. Dizilo wa pa malo omwetsera mafuta ovomerezeka ndilibe naye dandaulo. Vuto limabwera mafuta akasowa, monga takhala tikuonera kuyambira 2022, pamene munthu wagona pamzere masiku awiri ndipo mnyamata wa chigubu akumuitana pambali.

Ndinagwa m'mbuna imeneyi kamodzi. Ndinali ndi ulendo wa maliro kupyola Liwonde, thanki ili pansi, ndipo ndinagula malita 20 a m'chigubu m'mbali mwa msewu. Ndisanafike pa Domasi, kanyali kochenjeza za madzi m'mafuta kanayaka. Ndinaima, n'kutsegula boneti, n'kumasula kakoko ka pansi pa fyuluta ya mafuta nditatchera botolo loyera. Nditaliimika pa mwala mphindi ziwiri, zinthu zinapatukana ndikuona: pansi madzi otuwa okwana zala ziwiri, pamwamba dizilo wachikasu, pakati pake kamzere ka zinyalala zofiirira ngati dzimbiri. Ndinakhetsa kachiwiri, kachitatu, n'kupopa kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka katalimba, ndipo galimoto inalira. Ndinaganiza kuti ndapulumuka. Patatha masabata atatu inayamba kuvuta kulira m'mawa, kenako kugogoda ikaima, kenako utsi. Amakaniko anga atamvetsera anangoti, "Achimwene, awa ndi ma injekita. Kuno tilibe makina oyezera, apite ku Blantyre." Awiri mwa anayi anapezeka atatha. Ndalama yomwe ndinalipira ikanandigulira mafuta a miyezi ingapo.

Chifukwa chake n'chakuti pampu ndi ma injekita a common rail alibe oyilo wina woziteteza kupatula dizilo yemweyo. Dizilo ndi woterera, mukamugwira m'zala mumamva. Madzi saterera, ndiponso amabweretsa dzimbiri. Palafini, amene ena osaona mtima amasakaniza ndi dizilo kuti achuluke, ndi wouma, ndipo zitsulo zamkati mwa pampu zimayamba kupalana. Tizidutswa take timapita m'kapaipi mpaka ku ma injekita onse, ndiye kukonza kwake kumakhala kusintha zonse pamodzi. Petulo akathiridwa molakwitsa m'thanki ya dizilo amachitanso chimodzimodzi. Zikakuchitikirani, musalize injini, musatembenuze ngakhale kiyi. Ikankhireni pambali akhetse thanki. Galimoto ya petulo nayonso imavutika ndi mafuta oipa, koma kawirikawiri imatsokomola, mumasintha fyuluta, mwina kapampu ka m'thanki, n'kupitiriza ulendo.

Nthawi ya mizere imabweretsanso vuto lina. Ya petulo ikathera mafuta panjira, mumathira lita imodzi n'kuliza. Ya dizilo ikatheratu imamwa mpweya, ndipo muyenera kupopa kuti mpweyawo utuluke, apo ayi mudzamaliza batire ndi sitata. Thanki ikamakhala pansi nthawi zonse, pampu imakoka zinyalala ndi madzi a pansi. Ine ndinaphunzira kuti kotala ndiye ziro yanga. Ndipo musaganize kuti dizilo ndi wosavuta kupeza. Nthawi zina amasowa petulo dizilo alipo, nthawi zina mosinthanitsa, ndipo pamzere wa dizilo mumalimbana ndi malole, mabasi, eni zigayo ndi a majenereta, anthu amene samwetsa malita khumi.

Tauni yathu ndi yaing'ono

Apa ndi pomwe nkhani ya alamu anga inagona. Magalimoto a dizilo opangidwira misika ya Japan ndi Ulaya m'zaka zaposachedwazi ali ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, yomwe imakhala pa paipi ya utsi n'kumakola mwaye. Sefayi ikadzaza, kompyuta imaonjezera dizilo kuti utsi utenthe kufika cha pa madigiri 600, mwaye uja upse. Kuti zimenezi zitheke injini iyenera kukhala yotentha bwino ndipo galimoto iyende mosadukiza kwa mphindi 15 kapena 20. Ulendo wa ku Blantyre pa M3, makilomita pafupifupi 70, ndi mankhwala ake enieni.

Tsono taganizirani moyo wa munthu wa mu Zomba. Kuchoka ku Matawale, Chinamwali, Sadzi kapena Mpondabwino kufika m'tauni ndi mphindi zochepa. Injini ya dizilo imachedwa kutentha, chifukwa chomwe chija chakuti siitaya mphamvu yambiri. Mumafika kuntchito singano ya kutentha isanafike pakati. Kompyuta ikayamba kuotcha mwaye, inu mwafika, mwazimitsa. Mawa iyambanso, muzimitsanso. Dizilo woonjezera uja, m'malo mopsa, wina amatsikira m'mbali mwa mapisitoni n'kukalowa mu oyilo. Oyilo amayamba kuchuluka yekha m'malo mochepa, ali wamadzimadzi, wonunkha dizilo, ndipo satetezanso injini. Amene ali ndi Mazda ya dizilo akasolola ndodo yoyezera oyilo adzaona chilembo cha X pamwamba pa mzere wodzaza. Chinaikidwa dala: oyilo akafika pamenepo ayenera kusinthidwa msanga. Mwini wake wosadziwa amasangalala kuti galimoto yake siidya oyilo.

Pali kachipangizo kenanso kotchedwa EGR, komwe kamabweza utsi wina mu injini kuti mpweya woipa uchepe. Pa maulendo afupiafupi, mwaye wa mu utsiwo umasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo n'kupanga phala lakuda lomwe limamatirira m'njira za mpweya. Ndinaonapo paipi yotere itamasulidwa pa galaja: bowo loti mulowe dzanja la mwana linali litatsala loti mungolowa chala chimodzi. Mwini wake ankadandaula kuti galimoto yafooka ndipo ikumwa mafuta ngati lole.

Ambiri akatopa amangouza amakaniko kuti aboole DPF, atseke EGR, n'kusintha za mu kompyuta. Galimoto imayenda ndithu. Koma ine sindigwirizana nazo, ndipo chifukwa changa si cha injini. Mu 2012 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa World Health Organization, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zomwe zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Mwaye umene sefa ija ikanakola umatulukira pa msinkhu wa mphuno ya mwana amene akuyenda m'mbali mwa msewu, wa mayi wogulitsa mbatata, wa mnyamata wa kabaza amene ali kumbuyo kwanu pa chitunda. Ngati maulendo anu sangathe kusamalira DPF, yankho ndi kusagula galimoto yotero.

Ma pikapu ambiri amene anagulitsidwa atsopano kuno kum'mwera kwa Africa, monga Hilux yanga ya injini ya 2KD, alibe DPF, ndiye amapirirako maulendo a m'tauni. Koma a ku UK ndi ku Japan ali nayo, ndipo ena atsopano amafunanso madzi otchedwa AdBlue, omwe akatha galimoto imakana kulira. Funsani musanalipire.

Kusamalira kwake

Sevisi ya dizilo ndi yodula kuposa ya petulo, palibe kuzemba. Injini ya Sienta imalowa oyilo wosakwana malita 4. Hilux yanga imalowa pafupifupi 7. Ndi fumbi lathu la mwezi wa September ndi October, ndi misewu ya ku Jali, Mayaka ndi Chingale, ine ndimasintha oyilo pa makilomita 5,000 alionse, ndipo sindidikira kuti nambala ya m'buku ikwane. Mtundu wa oyilo nawo ndi nkhani. Injini zakale ndi ma pikapu opanda DPF amayenda bwino ndi 15W-40 wa dizilo, amene amapezeka paliponse. Koma mukathira yemweyo mu galimoto ya DPF, phulusa lake limatseka sefa ija, ndipo phulusa silipsa ngati mwaye. Imeneyo imafuna oyilo wolembedwa DL-1 kapena C3, malinga ndi buku lake, yemwe ndi wodula ndipo sapezeka m'sitolo iliyonse. Musadabwe kuona oyilo wa dizilo atada patangotha masiku ochepa. Ndi mmene amachitira, akugwira mwaye.

Fyuluta ya mafuta ndiye mlonda wa ma injekita. Apa pokha musagule yotchipa yosadziwika kochokera. Fyuluta ya mpweya nayo muziiyang'ana pafupipafupi, chifukwa dizilo amameza mpweya wambiri, ndipo fumbi likadutsa limadya mapiko a turbo. Turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ikuyandama pa oyilo. Mukangokwera phiri kufika pa damu la Mulunguzi, kapena mwachokera ku Lilongwe pa liwiro, musazimitse nthawi yomweyo. Isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo aiziziritse. M'mawanso musaiponde isanatenthe.

Lamba wa taimingi, amene amagwirizanitsa kuyenda kwa mapisitoni ndi mavavu pa injini zomwe zili naye, akaduka mapisitoni amamenya mavavu ndipo injini yatha. Pa 2KD ndi 1KD za Toyota amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo pali kanyali kokumbutsa. Injini za 2.4 ndi 2.8 zomwe zinabwera mu 2015 zili ndi tcheni. Mukagula galimoto yakale ndipo palibe umboni wakuti lambayu anasinthidwa, sinthani, chifukwa nambala ya makilomita pa galimoto yogulidwa kwa munthu si yoikhulupirira kwambiri. Samalaninso ndi kutentha. Injini ya dizilo ikawira kamodzi kokha, mutu wake umatha kung'aluka. Mu rediyeta muzikhala madzi ake a mankhwala, osati a pampopi okha.

Ku Zomba timadziwa June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri. M'mawa wotero zitsulo zozizira zimaba kutentha kwa mpweya wofinyidwa uja, n'chifukwa chake dizilo ali ndi mahita, tizitsulo tomwe timafiira mu silinda injini isanalire. Tembenuzani kiyi, dikirani kanyali kooneka ngati waya wopotana kazime, kenako lizani. Mahita akafa, kapena batire likafooka, mudzamva sitata ikukoka movutikira ndipo utsi woyera ukutuluka. Batire la dizilo ndi lalikulu ndipo mtengo wake ndi wotero.

Tiwerengere limodzi

Kale anthu ankathamangira dizilo chifukwa pa pampu anali wotchipa. Zimenezo musazidalire. Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linaika petulo pa K2,530 ndi dizilo pa K2,734 pa lita. Dizilo ndiye anali wodula. Mitengo yakweranso kuchokera nthawi imeneyo, n'chifukwa chake ndimakonda kuwerengera m'malita, aliyense achulukitse yekha ndi mtengo wa tsiku lomwe akuwerenga.

Tiyerekeze magalimoto awiri ofanana kukula, ya petulo ikuyenda makilomita 10 pa lita, ya dizilo 13. Munthu amene amakhala ku Zomba n'kumagwira ntchito ku Blantyre, kupita ndi kubwera masiku 22 pamwezi, amayenda makilomita pafupifupi 3,000. Pa petulo ndi malita 300, pa dizilo 231. Wapulumutsa malita 69 pamwezi, oposa 800 pachaka. Kwa ameneyu sevisi yodula ija imabwezedwa, ngakhale injekita itafa amakhalabe wopindula, ndipo msewu wake ndi womwe umasunga DPF yoyera. Tsono ikani alamu anga a makilomita 500. Pa petulo malita 50, pa dizilo 38 ndi theka. Phindu ndi malita 12 osakwana, ndipo limenelo ndi la papepala, chifukwa dizilo wozizira wa m'tauni safika pa 13. Kusiyana kwa oyilo ndi mafyuluta kokha kukhoza kudya gawo lalikulu la phindulo, injekita imodzi n'kumeza la zaka zingapo.

Ndiye pali chinthu chomwe ambiri amachiphonya. Chitsanzo changachi ndi cha magalimoto ofanana, koma alamu anga sankafuna Sienta ya dizilo, poti kulibe. Ankafuna pikapu ngati yanga. Sienta ya 1,500cc yoyenda bwino imamwa mafuta ochepa kuposa Hilux ya dizilo yolemera pafupifupi matani awiri. Akanasintha, malita awo pamwezi akanakwera. Onjezerani matayala akuluakulu, inshuwalansi ya galimoto ya mtengo wapamwamba, ndi msonkho wa MRA womwe umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto ngati mukuitanitsa kunja. Zipangizo zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi, ndipo za common rail ndi zina mwa zodula kwambiri. Chowona n'chakuti pikapu ya dizilo siigwa mtengo msanga, mukafuna kugulitsa ogula amapezeka. Koma pogula mumalipiranso mtengo womwewo wokwera.

Amene dizilo amamuyenera ndimamudziwa ndikamuona. Ndi mlimi amene amatuta fetereza ndi chimanga, wamalonda wopita ku nyanja ya Chilwa kukatenga mpunga ndi matemba, kontirakitala wonyamula simenti, mwini minibasi ya Zomba–Limbe kapena Zomba–Liwonde, wogwira ntchito za m'midzi amene mvula siimupatsa tchuthi. Galimoto yawo imalira m'mawa n'kuzima madzulo, yotentha, yolemedwa. Pamenepo petulo sangapikisane.

Ngati muli m'gulu limeneli ndipo mukugula yakale, pitani m'mawa kwambiri injini isanalizidwe. Gwirani boneti, ikakhala yofunda, wogulitsa akubisa vuto la kulira kozizira. Yabwino imalira msanga mahita akazima. Yang'anani utsi. Wakuda wambiri mukaponda ndi mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa, mwina fyuluta chabe, mwina ma injekita. Wabuluu ndi oyilo, kuchokera ku turbo kapena ku maringi a mapisitoni. Woyera wosatha injini itatentha ndi dizilo wosapsa kapena madzi akulowa mu silinda. Injini ikulira, masulani chitsekerero cha oyilo n'kuchisiya pabowo pake osamanga. Chikamangonjenjemera pang'ono palibe vuto, koma chikamakankhidwa ndi utsi wofuka ngati mbaula, maringi atha. Kwerani nayo chitunda chenicheni, ndipo ife tili nacho pafupi, mukuyang'ana singano ya kutentha. Ndipo musaumire ndalama yolipira makaniko wodziwa dizilo kuti ailumikize ku kompyuta. Safunsa anadya phula. Mufunsenso makanikoyo ngati zipangizo za mtundu umenewo zimapezeka ku Limbe kapena mpaka kuitanitsa ku Johannesburg, chifukwa galimoto ina ya ku Ulaya ikhoza kukhala pa miyala miyezi iwiri kudikira kachipangizo kamodzi.

Alamu anga anamvetsera zonsezi ali chete, tiyi atazizira. Kenako anafunsa kuti nanga mafuta amene akuwathera achite nawo bwanji. Tinadzuka n'kupita pa Sienta yawo. Matayala awiri akumbuyo anali ofooka, fyuluta ya mpweya itafiira ndi fumbi, ndipo mapulagi sanasinthidwepo chiigulireni. Tinagwirizana kuti akonze zitatuzi, ndipo agule kabuku kolembamo makilomita ndi malita nthawi iliyonse akamwetsa, kwa miyezi itatu. Pali mphekesera yakuti kuntchito kwawo angawasamutsire ku Blantyre chaka chamawa banja n'kutsala kuno. Zikachitika ndawalonjeza kuti ndidzapita nawo ndekha kukaona ya dizilo, m'mawa kwambiri, tisanamuimbire wogulitsa kuti tafika.